Am'bweza kusukulu, ati akabwere ndi kholo

Make Tadala, Ndirande (Lachiwiri, 19:42)
Makolo anzanga, mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Sabata yatha tinali ku maliro a apongozi anga ku Thyolo. Tinanyamuka Lachitatu, tinaika Lachinayi, tabwerako Loweruka. Tadala ndinamutenga chifukwa agogo akewo ndi amene anamulera ali wakhanda, sindikanamusiya. Ndiye kuti wajomba masiku atatu. Dzulo wapita kusukulu, am'bweza kuti akabwere ndi kholo. Lero ndinamulembera kakalata, am'bwezanso, ati kalata ayi, akufuna munthu. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ku Limbe, 7 koloko ndiyenera kukhala nditafika, ndipo masiku a maliro aja abwana andidula kale. Bambo ake ali ku Joni. Tsono mwana wajomba masiku atatu, chilango chake n'kumujombetsa enanso? Ali Sitandade 6. Lamulo limeneli lilipodi kapena ndi nkhanza chabe?

Bambo a Yankho, Chilomoni
Pepani ndi zovutazo mayi. Koma ndifunse kaye, musananyamuke munawatsanzika aphunzitsi? Ngati munangonyamuka, iwo akanalota bwanji kuti mwana ali ku Thyolo?

Make Tadala
Uthenga unafika usiku achimwene, m'mamawa tinali kale pa siteji ku Limbe. Pa maliro munthu umakumbuka za sukulu ngati?

Anaphiri a Machinjiri
Aphunzitsi ena amangofuna aoneke kuti ndi akuluakulu basi. Maliro ndi maliro. Iwowo akaferedwa sajomba? Wanga amakhala sabata yathunthu kalasi ikungophunzitsidwa ndi monitala, koma ife sitinawauzepo kuti akabwere ndi kholo lawo.

Madamu Nachisale, Bangwe
Anaphiri mwatilasa, koma ndiyankhe monga mphunzitsi. Ine ndili ndi Sitandade 4, sukulu ina osati ya Tadala, ndiye sindikuikira kumbuyo munthu amene ndikumudziwa.

M'mawa uliwonse timaitana mayina mu rejisitala, amene palibe timachonga kuti palibe. Ziwerengero zimenezi zimapita kwa ahedi, ahedi amazipereka kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera, ku ofesi yawo ya TDC. Ndiye mwana akasowa zimaoneka ndithu, sizithera m'kalasi. Koma kunena zoona amake Tadala, mphunzitsi amene angabweze mwana masiku awiri otsatizana chifukwa cha maliro a agogo ake ine sindinamuonepo. Maliro ndi matenda sitikangana nazo. Mwana akadwala timangoti tione buku la kuchipatala, nkhani yatha. Mawu akuti "kabwere ndi kholo" nthawi zambiri timawatulutsa pamene pali zina zimene tikufuna kholo lione ndi maso ake. Sindikuti Tadala walakwa ayi. Ndikungoti pitani mukamve.

Za kalatayo musakhumudwe nazo. Makalata tinasiya kuwakhulupirira chifukwa anawo amalemberana okha. Ndinalandirapo ina yoti "ine mayi ake a uje ndikupepesa", koma zilembo zake ndikuzidziwa bwinobwino, ndi za mtsikana amene ndinamuphunzitsa chaka chathachi. Mnyamata wina agogo ake aakazi anamwalira katatu teremu imodzi. Tsiku lotsekera anabwera okha kudzatenga lipoti, ali gwa.

Anaphiri a Machinjiri
Kkkkk agogo ouka kwa akufa

Make Tadala
Madamu, Tadala si mwana wotero. Tsiku lililonse amavala yunifolomu ine ndikuona.

Wakabaza wa ku Chirimba
Mayi anga, mundikhululukire, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7 koma msewu ndimaudziwa. Kuvala yunifolomu ndi kufika m'kalasi ndi zinthu ziwiri. Ife amene timakhala pa siteji kuyambira 5 koloko timawaona. Ikamakwana 8 mpaka 9 mupeza ana a yunifolomu ali m'magulumagulu, ena alowa ku vidiyo kukaonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja, ena atsikira kumtsinje, ku Nasolo kapena ku Mudi, ena akutola zitsulo ndi mabotolo okagulitsa. Malaya a sukulu apinda aika m'chikwama. Nthawi yoweruka ikakwana avalanso, n'kusakanikirana ndi anzawo, kufika kunyumba ngati achokera kusukulu.

Ndipo mukawafunsa, ambiri sanadzuke ndi maganizo othawa sukulu. Anachedwa, anapeza geti latsekedwa kapena aphunzitsi aima ndi kamtengo, anabwerera. Kunyumba sangapite, akakalipidwa. Ndiye apite kuti? Mwana wachedwa mphindi khumi, tsiku lonse lapita.

Bambo a Yankho
Koma geti lisamatsekedwe? Achimwene, mukalekerera, ana azingolowa mmodzimmodzi mpaka 9 koloko, mphunzitsi ayamba liti kuphunzitsa? Ife tinakula belu likalira uli panja umadziwiratu kuti lero kuli kutchetcha. Sitinafe. Lero ndimafika pa ntchito nthawi yake chifukwa cha zomwezo. Amake Tadala omwe akuti 7 koloko ayenera kukhala ali m'sitolo. Mwana akaphunzira kuti kusunga nthawi ngati si kusukulu?

Wakabaza wa ku Chirimba
Inu munkatchetcha muli m'kati mwa mpanda bambo. Awa ali kunja.

Mphwanu wa ku Chichiri
Ndiikepo za malamulo pang'ono, poti funso la amake Tadala linali loti lamuloli lilipodi. Lamulo la Maphunziro la 2013 limanena kuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere, komanso ndi okakamiza kwa mwana aliyense amene sanakwane zaka 18. Mawu akuti okakamizawa ambiri timawamva ngati akuloza makolo okha, kuti tumizani ana kusukulu. Ine ndimaona kuti akulozanso sukulu. Simungati mwana akukakamizidwa kukhala m'kalasi, inu nomwe n'kumamuimitsa pa geti. Zoti abwere ndi kholo, zotseka geti, zimenezo ndi malamulo a pasukulu amene ahedi amagwirizana ndi komiti ya sukulu ndi PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Ali ndi ntchito yake, koma sangapose lamulo la dziko. Mwana akhale m'kalasi uku kholo likudikiridwa, chavuta n'chiyani pamenepo?

Anaphiri a Machinjiri
Okakamiza pa pepala. Ana ogulitsa madzi ndi mandasi mu Limbe muja nthawi ya sukulu ndani anawafunsapo? Ine kholo lomangidwa chifukwa chosatumiza mwana kusukulu sindinalionepo.

Che Bwanali, Mbayani
Kumudzi zimathekako chifukwa mafumu anaika malamulo awo, mwana akamajomba kholo limalipa nkhuku kapena mbuzi. Za jando nazo kwathu anagwirizana kuti zizichitika pa holide yaikulu, anyamata atuluke sukulu isanatsegulidwe mu Sepitembala. Koma m'tauni muno mfumu ilipitsa ndani? Walendi wabwera mwezi uno, mwezi wa mawa wasamukira ku Chirimba, dzina lake silinalowe n'komwe m'buku la amfumu.

Gogo Nangozo, Zingwangwa
Ana anga, foni iyi ndimalemba ndi chala chimodzi, mupirire nane. Ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, ndiye nkhaniyi yandikhudza.

Kale tisanafike 1994, pulayimale inali yolipira. Ana anali ochepa, ndipo amene analipiriridwa fizi kholo lake linkamulondola lokha, poti ndalama yatuluka. Mphunzitsi unkadziwa mwana aliyense, kwawo, ngakhale dzina la galu wa kwawo. Mwana akasowa masiku awiri tinkatuma anyamata akuluakulu a Sitandade 8 kuti kam'tengeni, ankabwera naye atam'gwira uku ndi uku. Sindikuti zinali zabwino zonse, ena ankakwapulidwa mopitirira muyeso, ndipo amene analibe fizi ankangokhala kunyumba popanda wowafunsa.

Mu 1994 a Bakili Muluzi atalengeza pulayimale yaulere, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'chaka chimodzi. Ndimakumbuka tsiku lotsegulira, bwalo lonse mutu wokhawokha, ena aakulu ndevu zikumera akudzayamba Sitandade 1. Makalasi anapita pansi pa mitengo. Boma linalemba aphunzitsi ambirimbiri amene anangochita kosi ya masabata ochepa. Nthawi yomweyo anatiuzanso kuti yunifolomu isakhale chifukwa chobwezera mwana. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ana a amphawi analowa m'kalasi. Koma chimene chinatayika n'chakuti mphunzitsi anasiya kudziwa ana ake. Kuitana mayina kokha kunkadya theka la phunziro loyamba. Mwana akasowa unkazindikira patapita sabata.

Ndiye zimene mukukanganazi, geti, kalata, kubwera ndi kholo, zonsezi ndi njira zimene sukulu zinapeza chifukwa mphunzitsi sangathenso kuyenda khomo ndi khomo. Mwana wanga make Tadala, pita. Usatume munthu. Ukaone buku lija ndi maso ako.

Make Tadala
Zikomo agogo, ndamva. Koma mlongo wanga sangandipitire? Abwana anga ndi ovuta.

Wakabaza wa ku Chirimba
Aphunzitsi anachenjera mayi, amalume ongotulukira sawalandiranso kkkk. Ine ndemwe ana a sekondale anandipemphapo kawiri kuti ndikakhale malume awo, ati andipatsa K1,000. Amayi ogulitsa zitumbuwa pa geti ena ndi azakhali a theka la sukulu.

Madamu Nachisale
Zoona zimenezo, timafunsa kuti mwanayu anabadwa chaka chanji, amalume n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

Ndiwayankhenso bambo a Yankho ndi mphwathu wa ku Chichiri, chifukwa onse awiri akunena zoona ndipo ife tili pakati. M'kalasi mwanga muli ana 118. Akamalowa mochedwa mmodzimmodzi, aliyense ayenera kudumpha anzake amene akhala pansi kuti apeze pokhala, phokoso, kukankhana, phunziro laima. Ndiye ndimamvetsa mphunzitsi amene amati wochedwa asalowe. Koma ine ndinasiya kubweza. Ndinaona kuti amene ndimawabweza ndi omwewomwewo, ndipo ndi omwenso amalephera mayeso n'kubwereza kalasi, kenako chaka chinacho osaonekanso. Pano wochedwa amalowa, amakhala kumbuyo, chibalo chake amagwira poweruka, kusesa kapena kutola zinyalala. Kukwapula unduna unaletsa, ngakhale sindinganame kuti kunatheratu. Chimene chimandipweteka ndi kuona mwana akukumba dzenje nthawi ya masamu. Wachedwa theka la ola, ife tam'landa maola awiri.

China chimene makolo simuchiona: ana a msinkhu wa Tadala sukulu yawo yakhala yodukaduka chiyambire. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid, ambiri anabwerera mu Okutobala. Mu Januwale 2023 ife a Blantyre ndi a Lilongwe tinachedwa kutsegulira masabata awiri chifukwa cha kolera. Tisanapume n'komwe, mu Malichi namondwe wa Freddy uja. Mwana amene wazolowera kuti sukulu imatha kuima miyezi iye osafa, ukamuuza kuti tsiku limodzi ndi lofunika amakuyang'ana ngati ukunena nthano.

Anambewe, Chilobwe
Za Freddy musandikumbutse madamu. Kuno madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche, makalasi anasanduka misasa, anthu kugona momwemo. Pamene sukulu zinatsegulidwanso ana ena analibe kope, analibe yunifolomu, ena makolo anasamuka osatsanzika. Ife a mother group, gulu la amayi othandiza ana pasukulu, tinayenda ndi mndandanda wa mayina kufunsa khomo ndi khomo. Ena tinawapeza, ena mpaka lero sitidziwa kumene anapita.

Koma ndimafuna ndinene za atsikana, chifukwa pano mukukamba ngati kujomba ndi kwa anyamata a ku vidiyo okha. Mtsikana wa Sitandade 6, 7, 8 akamasowa masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse, musathamangire kumupatsa chibalo. Ali kumwezi. Chimbudzi cha kusukulu chilibe chitseko, madzi palibe, nsalu imene wavala sakuikhulupirira, anyamata akaona kadontho pa diresi amuseka teremu yonse. Ndipo mphunzitsi wamwamuna akamufunsa pamaso pa kalasi kuti unali kuti, anena chiyani? Amangoti ndimadwala mutu. Ife timasoka mapadi ochapa n'kumawapatsa, ndipo tinapempha ahedi kuti mtsikana wotere azikaonana ndi madamu osati kufunsidwa pagulu.

Enanso makolo sadziwa kuti mtsikana akatenga mimba sukulu siinathere pomwepo. Ndondomeko yowalola kubwerera akabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo anaikonzanso mu 2018. Vuto ndi ife makolo, timathamangira kumukwatitsa, chonsecho malamulo a dziko pano salola ukwati munthu asanakwane zaka 18. Inkosi Kachindamoto ku Dedza anatchuka dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Ife kuno tilibe mphamvu za ufumu, timangodalira pakamwa.

Bambo a Yankho
Izi za atsikanazi sindimazidziwa, ndavomera. Wanga wamkazi ali Sitandade 5, ndiwauza amake akambe naye.

Anambewe
Muwauze lero lomwe achimwene, musadikire. Ndiponso phala musaliiwale. Sukulu zimene zimalandira phala la Mary's Meals, onani m'mawa ana ali ndi makapu m'manja akuthamanga. Bungweli linayambira kuno ku Malawi mu 2002, ndipo ife amene timadzuka usiku kukaphika timadziwa kuti ana ena chimene chawadzutsa ndi kapu imeneyo. Tsiku limene nkhuni zasowa phala osaphikidwa, mawa lake kalasi imachepa. Ena akamwa amazemba pa buleki, zimenezonso zilipo, sindibisa.

Jah Bless, Soche
Poti mukukamba zobweza ana pa geti, ife a Rasta tinazilawa zaka zambiri. Ana athu ankakanizidwa sukulu za boma chifukwa cha tsitsi. Mpaka Khoti Lalikulu ku Zomba, Justice Zione Ntaba, linagamula mu Meyi 2023 kuti ana a madiredi aziloledwa. Ndiye lamulo la pasukulu si Baibulo, limatha kukhala lolakwa.

Anaphiri a Machinjiri
Nanga zobweza ana chifukwa cha ndalama ya chitukuko, ya alonda, ya lipoti? Sukulu yaulere yake iti?

Admin
Anaphiri imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ikayamba pano sitigona. Tithandize amake Tadala kaye. Mayi, mwaganiza bwanji?

Make Tadala
Ndawaimbira abwana, ati ndifike 10 koloko koma adula theka la tsiku. Ndipita mawa. Ndikakapeza kuti ndi za maliro zokhazi, ahedi akandimva.

Gogo Nangozo
Ukalowe ndi moni mwana wanga, mkwiyo uusiye pa geti. Ukhoza kuufuna potuluka.

Make Tadala (Lachitatu, 20:15)
Makolo anzanga, ndabwera ndi manyazi. Madamu Nachisale, achimwene a kabaza, munanena zoona.

Ndinafika 7 koloko, Tadala ali pambuyo panga akukoka miyendo. Aphunzitsi ake ndi bambo wachikulire, anandilandira bwino, anayamba n'kupepesa maliro. Kenako anatsegula rejisitala n'kuika chala pa dzina la mwana wanga. Teremu ino tili sabata yachisanu ndi chimodzi. Masiku amene Tadala palibe ndi 14. Atatu a maliro, awiri amene anam'bwezawa. Enawo 9 ine sindikuwadziwa. Ndinati mwina mwasokoneza ndi mwana wina, anandionetsa makope ake. Masamu analekezera pakati, madeti akudumphadumpha. Ine makope ndimangoona kuti alipo m'chikwama, sindinatsegulepo.

Tadala anayamba kulira tisanamufunse n'komwe. Nkhani yake ndi iyi. Ine ndimachoka 5:30 kuti ndipeze minibasi. Ndimamusiyira ntchito ziwiri: atunge madzi zigubu ziwiri, aperekeze mchemwali wake ku mkombaphala. Masiku amene madzi atuluka bwino amafika nthawi yake. Koma masabata apitawa madzi akhala akuvuta, pa mpopi mzere umafika kumsewu, ndipo akuluakulu amamupitirira poti ndi mwana. Akamamaliza, kusamba, kuperekeza mwana, belu lalira kalekale. Tsiku loyamba anapita ndithu, ochedwa onse anawapatsa zokolopa kuchimbudzi, anzake a m'kalasi n'kumamutcha dzina lachipongwe. Tsiku lachiwiri atangoona kuti wachedwa anakhotera ku vidiyo. K200 imene ndimamupatsa ya mandasi ndi imene amalowera. Poweruka amakatenga mchemwali wake, ine pofika madzulo ndimapeza zonse zili m'malo, madzi alimo, mbale zotsuka. Ndinkachita kumuyamikira kwa anzanga kuntchito.

Aphunzitsi akuti anandiitanitsapo kawiri kudzera mwa iye yemweyo, uthenga sunafike. Anayesa kuimba foni, nambala imene ili m'buku la sukulu ndi imene ndinalembetsa ali Sitandade 1, ya foni imene inabedwa kalekale. Ndiye atamva za maliro anati apa pokha mayiyu abwera, asalowe mpaka tionane.

Ndayenda mpaka pa siteji misozi ikungotsika. Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani.

Anambewe
Pepani asisi. Musamumenye chonde. Mwana amene akutunga madzi, kulera mchemwali wake, kutsuka mbale, si wopulupudza. Wangolemedwa.

Bambo a Yankho
Mwaona tsono kuti aphunzitsi aja sanali ankhanza. Akanalandira kakalata kaja bwenzi teremu yonse itapita inu osadziwa. Koma mnyamatayo kunama kwa masiku 9 asakuone ngati kwapita ulere, mawa adzanama zazikulu.

Make Tadala
Sindinamumenye, mphamvu zake ndinalibe. Ndamuuza kuti mpira Loweruka palibe mwezi wonse, ndipo bambo ake alankhula naye pa foni, analira kuposa m'mawa. Koma achimwene, ngakhale ndavomera kulakwa kwanga, mtima wanga sukuvomera zonse. Masiku 9 mwana wa zaka 12 ali mu vidiyo, mwini vidiyo akulandira ndalama kwa mwana amene chikwama cha sukulu chili kumsana, anthu akudutsa akumuona, ena ondidziwa. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuza. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma m'tauni muno ndi pakamwa chabe. Ndipo sukulu ikanatha kutuma mwana wina wa m'dera lathu kudzandiuza madzulo. Anzake a m'kalasi atatu amakhala mzere wathu womwewu.

Wakabaza wa ku Chirimba
Kuuza kholo n'kovuta mayi. Ndinayesapo, mayi wina anandiyankha kuti ubereke wako uzimulondola. Chichokereni ndimangoyang'ana.

Madamu Nachisale
Amake Tadala, pa zotuma mwana wina mwanena zoona, akanatha kutero, ndipo inenso ndaphunzirapo. Koma taganizani, pa ana 118 tsiku lililonse amasowa 15 kapena 20, nthawi ya mvula kuposa apo. Mayunitsi oimbira makolo ndi a m'thumba mwanga. Theka la manambala sagwira, ngati yanu ija. Misonkhano ya PTA tikaitana amabwera makolo osakwana kalasi imodzi pa sukulu yonse, ndipo amene amabwerawo ndi a ana osavuta. Sindikudziikira kumbuyo. Ndikungoti dzenje limene Tadala anagweramo lili pakati pa nyumba ndi sukulu, inu mukuti ali kwa ife, ife tikuti ali kwa inu.

Mphunzitsi ameneyo mumusunge. Wina akanangochonga kuti palibe, palibe, palibe, mpaka dzina n'kulifufuta.

Mphwanu wa ku Chichiri
Ine ndikadali pomwe ndinaima. Cholinga chinali chabwino, koma masiku awiri am'bwezawo awonjezera pa 12 kukhala 14. Ndipo chibalo cha kuchimbudzi chija ndi chimene chinayambitsa zonsezi. Mwana anachedwa chifukwa cha madzi, osati tulo. Alipo amene anamufunsa?

Bambo a Yankho
Pa geti pali ana 50 ochedwa, mufunsa mmodzimmodzi mphwanga? Mudzaphunzitseko kaye sabata imodzi.

Mphwanu wa ku Chichiri
Wochedwa kamodzi musamufunse. Wochedwa kachitatu mufunseni.

Gogo Nangozo
Apa mwana wa ku Chichiriyu wanena ngati mphunzitsi. Ine ndinali ndi kabuku kanga kapadera, osati rejisitala ya boma, momwe ndinkalemba ochedwachedwa. Ukawaitana paokha pa buleki umamva zinthu. Wina amayamba wakagulitsa makala. Wina amagona kwa azakhali ku Manja koma sukulu ili kuno. Wina mayi ake akudwala, iye ndiye wophika. Waulesi weniweni analipo, koma sanali wochuluka monga tinkaganizira. Ndinachedwa kuzizindikira zimenezi, ndinali nditakwapula kale ana ambiri osalakwa, ena ndimakumana nawo mumsika ndi akuluakulu, amandipatsa moni mwaulemu ine mtima ukundigunda.

Make Tadala, za kukwiya zisiye, konza m'mawa wa mwanayo. Madzi atungidwe madzulo. Wamng'onoyo apeze womuperekeza wina.

Make Tadala
Ndayamba kale agogo. Ndalankhula ndi anzanga oyandikana nawo nyumba, mwana wawo amapita mkombaphala yomweyo, avomera kuti azitengera limodzi, ine ndiziwathandiza sopo pakutha pa mwezi. Madzi tizitunga usiku ine ndikaweruka, akakhala kuti akutuluka. Aphunzitsi ndawapatsa nambala yatsopano, ya mlongo wanganso. Agwirizana nane kuti tsiku lililonse azisaina kumapeto kwa kope la masamu ndi deti, ine ndiziona madzulo. Anandiuzanso kuti akachedwa asabwerere, alowe, akawapeze iwowo.

Anaphiri a Machinjiri
Ine ndangotsegula chikwama cha wanga pompano. Kope la Chingerezi deti lomaliza ndi la sabata yatha Lachiwiri. Ali m'bafa, akatuluka tikambirana.

Che Bwanali
Kkkkk usiku uno ana ambiri a pagulu lino sagona bwino

Madamu Nachisale
Anaphiri mufunse kaye, mwina ndi mphunzitsi amene sanabwere, munanena nokha dzulo. Amake Tadala, chimene chatsala ndi maphunziro amene anam'dutsawo. Masamu a Sitandade 6 amamangana, akaphonya za mafulakishoni zotsatira zonse aziona mdima, ndipo Sitandade 8 ya mayeso a MANEB si patali. Abwereke kope la mnzake wolemba bwino akopere, koma kukopera kokha sikokwanira. Mujambule masamba amene akusowawo munditumizire ku inbox, ndione poyambira.

Make Tadala (Lachinayi, 07:34)
Madzi sanatulukenso chichokere dzulo, zigubu zili gwa. Ndamuuza angosukusula ndi a m'ketulo azipita. Aphunzitsi angonditumizira uthenga kuti wafika 7:10. Madamu, masamba aja ndijambula madzulo, kope ali nalo kusukulu.